Nkhope ya Abambo ndi Theka la Tchizi

Gaast, 9 Okutobala 1643

Wopke mchimwene wanga,

Landira moni wa tonse kuno. Kaya iwe uli bwanji ku Haarlem uko, poti wangoti zii ngati dzanja linathyoka. Ndikulemba ndine Hiske, koma mawu ambiri ndi a Amayi, amene aima kumbuyo kwangaku n'kumandipumira m'khosi. Ukaona pena malemba akhota, udziwe kuti andigunda chigongono.

Ng'ombe zili bwino ndipo udzu wouma tinatuta mvula isanatipeze. Amene sali bwino ndi Abambo. Chifuwa chija chabweranso, ndipo ulendo uno chawadya thupi moti malaya akungolendewera. Kokonza khoma lotchinga nyanja anasiya kupita. Amangokhala patebulo, kudula tchizi ndi kukangana ndi Amayi. Mkangano wake ndi womwe unausiya uja, wa mpeni. Akamaliza kudya amausiya m'mphepete mwa tebulo, chigwiriro chili m'malere, Amayi n'kuukankhira mkati akulalata, iwo n'kumangoseka. Dzulo unagwa ndipo mphaka anapulumukira pang'onong'ono.

Tsopano imva chimene ndalembera. Sabata yatha Amayi anapita ku Workum kukagulitsa batala, ndipo analowa m'nyumba ya mayi wamasiye amene amatigula uja. Pakhoma anaonapo chithunzi cha malemu mwamuna wake, ndevu, makwinya, ndi kachipsera ka pamphumi komwe. Akuti mayiyo amachipatsa moni m'mawa uliwonse. Chibwerereni kumeneko Amayi sakamba nkhani ina. Akuti ifenso tili ndi mwana amene tinamutumiza kutsidya la nyanja kukaphunzira zomwezi, ndipo ino ndiyo nthawi yoti tione phindu lake. Ubwere Khirisimasi isanafike, utenge utoto wako, udzajambule nkhope ya Abambo idakali nkhope. Mawu omalizawa ndi awo, ndawalemba monga awanenera, ndipo atangowanena atulukira kukhola.

Jelle, mwini ngalawa uja, akupatsa theka la tchizi ndi masokosi. Theka linalo tadya ife, usadandaule. Uyankhe ngalawa yake isanabwerere.

Ndine mlongo wako,
Hiske

Haarlem, 27 Okutobala 1643

Okondedwa Amayi, ndi inu achemwali,

Ine kuno ndili bwino, ndipo masokosi andikwana. Za chifuwa cha Abambo zandimvetsa chisoni. Muziwapatsa mkaka wotentha wothira uchi, ndipo asamakhale pakhomo mphepo ikamachokera kunyanja.

Pa nkhani ya nkhope ndikuchita manyazi, komabe ndinene zoona. Nkhope sindinayambe kuphunzira. A Rochus, aphunzitsi anga, salola. Chaka choyamba chonse ndinkapera utoto pamwala ndi kutsuka maburashi. Kenaka anandiikira mtsuko umodzi kutsogolo, ndipo ndinaujambula mpaka ndinayamba kuulota. Iwo amati munthu amene sangajambule mtsuko mpaka woona afune kuunyamula asayerekeze kukhudza mutu wa munthu, chifukwa mutu ndi mtsuko womwewo, kungoti uli ndi abale odandaula. Tsiku lina ndinajambula mobisa nkhope ya mayi amene amatiphikira. A Rochus ataiona anandifunsa chifukwa chimene ndavekera kabichi chipewa. Mayiyo sanandipakulire bwino sabata yonse.

Koma musataye mtima, Amayi, chifukwa pali nkhani yabwino. Andipatsa thabwa langalanga lojambulapo, ndipo ati ndisankhe ndekha zinthu, ndiziyale patebulo, ndizijambule. Ntchitoyo ikawakomera adzandilola kuyamba mitu ya anthu. Ndiye mukuona kuti njira yopita ku nkhope ya Abambo yadzera patchizi, ndipo ndikuthamanga nayo mmene ndingathere.

Tchizi chija sindinadye. Ndinachiika pakati pa tebulo, ndipo ndinali nditangojambula mbali imodzi pamene makoswe anachipeza. Chonde nditumizireni china chofanana nacho, koma adule ndi Abambo. Kuno palibe amene amadula ngati iwo. Anthu a kuno amadula mowongoka, pamene Abambo amakumba pakati n'kusiya timasitepe, ndipo kuwala kumakhala bwino pa timasitepe timeneto. Munditumizirenso mpeni wakale uliwonse. Wa a Rochus ndi wasiliva, ndipo pambali pa tchizi chathu umaoneka ngati mlendo wodzitama.

Ndine mwana wanu,
Wopke

Gaast, 14 Novembala 1643

Iwe Wopke,

Moni tikupatsa, ngakhale kuno watisokoneza mitu tonse. Kalata yako ndinawawerengera Amayi kawiri. Ulendo woyamba anamva kuti uli ndi njala. Ulendo wachiwiri anamva kuti chakudya uli nacho koma ukudyetsa makoswe. Anandifunsa kuti ziwirizi zoona ndi ziti, ndipo ine ndinati sindikudziwa, chifukwa sindikudziwadi.

Kenaka kunabwera Jelle ndi nkhani yake, ndipo ukudziwa kuti Jelle nkhani saibweretsa yowonda. Akuti anakupeza m'chipinda chamdima, mazenera onse otseka kupatula limodzi la m'mwamba. Patebulo panali nsalu yoyera, buledi, ndi tambula ya vinyo. Iwe unali utakhala kutsogolo kwake osalankhula, maso ali tong'o pabulediyo. Iye poti anali ndi njala ya ulendo anatambasula dzanja kuti anyeme, ndipo iwe unamumenya dzanjalo n'kukuwa kuti buledi ameneyo sakhudzidwa. Atafunsa kuti udya liti, unati mwina pakatha masabata angapo.

Amayi anakhala pansi pomwepo. Nsalu yoyera, buledi wosakhudzidwa, vinyo, mdima, kusala kudya. Anati, "Mwana wanga walowa Chikatolika." Jelle anavomereza kuti ku Haarlem Akatolika ndi ambiri ndipo amapempherera m'zipinda zobisika ngati chimenecho. Mawa lake Amayi anavala nsalu yawo ya kutchalitchi n'kupita kwa abusa. Abusa anamvetsera zonse, nafunsa ngati panali kandulo. Jelle anati sakukumbukira bwino, koma mwina inalipo. Ndiye abusa akuti uyankhe momveka: kodi buledi ameneyu ukumugwadira? Nanga a Rochus akowo amapemphera kuti?

Ine funso langa ndi lina. Tinakupempha nkhope ya bambo ako, iwe ukutipempha mpeni. Kodi kalata zathu zimafika zonse, kapena theka limagwera m'nyanja?

Munthu mmodzi yekha amene sanasokonezeke ndi Abambo. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, moti tinachita kuwasisita pamsana. Atapeza mpweya anaitanitsa tchizi chatsopano, nachidula okha, pang'onopang'ono, Amayi akuwauza kuti akuwononga chakudya. Kenaka anandilanda cholembera. Kapepala kawo ndakapinda m'kati muno, sanandilole kukawerenga.

Hiske

Wopke,

Ndine bambo wako Douwe. Amayi ako amakulitsa zinthu, ukuwadziwa. Chifuwa ndi chifuwa basi, chimabwera ndi chisanu n'kupita ndi chisanu. Usasiye ntchito ya eni ake ili pakati chifukwa cha nkhope yanga, siinali yokongola ngakhale ndili mnyamata. Tsiriza chimene wayamba. Tchizi ndadula mmene umafunira. Mpeni ndakupatsa wangawu, wa chigwiriro cha fupa. Masiku ano sindikuugwiritsa ntchito kwambiri.

Haarlem, 2 Disembala 1643

Okondedwa Abambo, Amayi ndi achemwali,

Moni nonse. Ndaseka, kenaka ndakwiya, kenaka ndasekanso. Amayi, sindinalowe Chikatolika. Lamulungu lililonse ndimakhala m'tchalitchi chachikulu, kumbuyo kwa chipilala, n'kumazizidwa monga Mkhristu wina aliyense. A Rochus amapemphera komweko, ngakhale nthawi zambiri amapemphera ali m'tulo. Muwauze abusa kuti kandulo panalibe.

Mazenera timatseka kuti kuwala kuzilowera mbali imodzi, apo ayi mithunzi imasokonekera. Buledi sakhudzidwa chifukwa akasuntha pang'ono pokha ntchito ya masiku ambiri imawonongeka. Ndipo Jelle aphunzire kusiyanitsa zakumwa, chifukwa m'tambula muja munali mowa wosasa wa dzana. Ndimadya, Amayi. Ndimadya kukhitchini, phala ndi nsomba zamchere. Chakudya cha patebulo lojambulira si chakudya, ndi ntchito. Ndikudziwa kuti mawu amenewa akusokonezaninso, koma sindikupeza ena.

Abambo, zikomo kwambiri chifukwa cha mpeni. Sindinayembekezere kuti mungapereke umenewu, poti chibadwire changa sindinauonepo uli kutali ndi inu. Chigwiriro chake chinatha mbali imodzi, pamene chala chanu chachikulu chimakhala, ndipo malo amenewo andivuta kujambula kuposa china chilichonse. Fupa lakale si loyera, si lachikasu, ndipo ndasakaniza utoto mpaka mutu kuwawa. Nditauika patebulo, a Rochus anabwera n'kuuyang'anitsitsa. Kenaka anandifunsa kuti anandiphunzitsa ndani kuika mpeni chotero, chigwiriro chitatulukira kunja kwa tebulo. Akuti amisiri akuluakulu amachita zimenezi mwadala, kuti woona aziyesa kuti tebulo lalowa m'chipinda chimene iye waima. Ndinawayankha kuti palibe anandiphunzitsa, ndinangouika mmene mpeni umakhalira. Anapukusa mutu n'kuchoka, ndipo kwa a Rochus kumeneko ndiko kuyamikira.

Popeza Abambo anena okha kuti akupezako bwino, ndaganiza zotsiriza thabwali kaye. Ndikabwera pa Khirisimasi ndidzangokujambulirani kabichi wina, Amayi, ndipo mudzalira. Koma ndikapirira mpaka chisanu chithe, ndidzabwera ndi dzanja lodziwa, ndipo Abambo adzakhala atanenepanso. Chithunzi cha mayi wa ku Workum uja chidzachita manyazi.

Ndine mwana wanu,
Wopke

Gaast, 17 Disembala 1643

Wopke,

Moni. Sindichulukitsa mawu chifukwa Jelle akuti mphepo yatembenuka ndipo akufuna kuthawa madzi asanaundane.

Kodi ndiwe wopusa, kapena ukuchita dala? Munthu amene mpeni wake sankabwereka ngakhale mkazi wake, lero waupereka, ndipo iwe ukutilembera za mtundu wa fupa. Sakuugwiritsa ntchito chifukwa sakudya. Sakukhalanso patebulo. Tawasamutsira pabedi la pafupi ndi moto, ndipo akatsokomola timabisa nsalu ya magazi kuti Amayi asaone. Amayi nawo amabisa zawo kuti ine ndisaone.

Kapepala kaja ndinawafunsa kuti analembamo chiyani, ndipo anangoti anakuuza kuti ulimbikire. Tsopano ndaona zimene anakuuza. Ananama, Wopke, ndipo anakunamiza chifukwa amakukonda, koma bodza ndi bodza.

Bwera. Kaya udzajambula kabichi, kaya dzungu, Amayi akuti adzalandira. Usadikire yankho la a Rochus, ukwere ngalawa yomweyi pobwerera.

Hiske

Haarlem, 20 Januwale 1644

Okondedwa Abambo, Amayi ndi achemwali,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale wachedwa. Chilembereni kalata yanga ija sindinamve chilichonse kuchokera kwanu. Kudoko akuti nyanja yaundana moti ngalawa sizingayende, koma siinalimbe moti munthu n'kuyendapo. Ndikudziwa kuti chifukwa chake ndi chimenecho, komabe mtima umanditsutsa kuti mwina Amayi anakwiya nane chifukwa cha Khirisimasi. Kalata ino ndapatsira wamalonda a nsalu amene akuzungulira pamtunda. Akuti afika kwanuko, koma sakudziwa kuti liti.

Thabwa latha. A Rochus anaitana mnzawo wina wojambula kuti adzaone, ndipo munthuyo anawerama n'kununkhiza tchizi cha pachithunzi, kenaka anachita manyazi. Tsopano ndikumvetsa chimene ankandizunzira ndi mtsuko uja. Kale ndinkajambula zimene ndikudziwa, kuti buledi ndi wofiirira, nsalu ndi yoyera. Tsopano ndimayang'ana kaye, ndipo ndapeza kuti m'nsalu yoyera mulibe pena paliponse poyera. Musawauze abusa zimenezi, angayambenso.

Tchizi chija tinadya tsiku lomwe ndinatsiriza, titapala chuku. Ngakhale mayi wotiphikira uja anandikhululukira.

Ndayamba mitu. Panopa ndili pa makutu, ndipo sabata yamawa ndilowa mphuno. Apa ndiye pali chimene chandidabwitsa. Ndinafuna kuyeserera nkhope ya Abambo pakapepala kuti ndikamadzabwera dzanja lidzakhale litazolowera, koma ndikatseka maso sindikuwaona bwino. Mawu awo ndikuwamva, kuseka kwawo ndikukumva, manja awo ndikhoza kujambula ngakhale mumdima. Koma makutu awo ndi otani? Kodi mphuno inakhotera kumanzere kapena kumanja? Munthu ndakhala naye moyo wanga wonse, koma sindinamuyang'anepo mmene ndayang'anira theka la tchizi. Achemwali, chonde muwayang'anitsitse mundilembere, makamaka makutu. Muwauze kuti asamete ndevu mpaka ndibwere.

Ndine mwana wanu,
Wopke

Gaast, 11 Febuluwale 1644

Wopke,

Kalata yako yafika dzulo ndi wamalonda uja. Ndinaiwerenga ndekha kukhola, ndipo Amayi ndangowauza kuti uli bwino.

Abambo anatisiya pa 13 Januwale, m'mawa, ine ndikukama ng'ombe. Pamene unkalemba za makutu awo n'kuti tawaika kale. Nthaka inali youma gwa ndi chisanu moti amuna anachita kuyatsa moto pamanda kuti athe kukumba. Abusa analalikira bwino. Jelle analira kuposa tonse.

Ndikudziwa kuti kalata yanga ya mu Disembala siinakupeze. Madzi anaundana ngalawa isanatuluke padoko, ndipo kalatayo idakali m'bokosi la Jelle. Idzafika limodzi ndi ino, uyambe kuwerenga imene ufune. Ndikudziwanso kuti Abambo anakuuza okha kuti usabwere. Zonsezi ndikuzidziwa, koma ndakwiya nawebe, ndipo sindikudziwa kuti mkwiyo umenewu ndiupititse kuti. Ukanatha kubwera osaitanidwa kachiwiri.

Masiku omaliza ankakufunsa, koma osati mmene ukuganizira. Sankafunsa kuti ubwera liti. Ankafunsa ngati tchizi chija chatha kujambulidwa, ndiponso ngati aphunzitsi ako achikonda. Tsiku lina Amayi anawakalipira kuti iwo ndi amene anakuletsa kubwera, ndipo anayankha kuti, "Aukje, mwanayo akabwera adzajambula munthu wodwala. Ukufuna uzipatsa moni ameneyo m'mawa uliwonse?" Mpaka lero sindikudziwa amene ankanena zoona.

Wafunsa za makutu. Ndakhala pano ndi cholembera nthawi yaitali. Ine amene ndinawasambitsa, ndinawameta, ndinawatseka maso, sindikutha kukuuza. Ndikuganiza kuti anali aakulu. Ndinafunsa Amayi mozungulira, ndipo anati anali makutu basi. Usiku ndinawamva akuyesa kuwafotokoza okha monong'ona, mphumi, maso, chibwano, ngati munthu wowerenga nkhuku zake. Akuopa kuti nkhopeyo ikuwathawa, ndipo palibe pakhoma poti n'kuiyang'ana.

Hiske

Haarlem, 9 Malichi 1644

Amayi,

Jelle wafika ndi kalata ziwiri. Ndinayamba ndi yakaleyo, ndipo ndinali nditayamba kale kumanga katundu kuti ndikwere ngalawa pamene Jelle anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndiwerenge kaye inayo.

Sindikudziwa choti ndilembe. Munandipempha chinthu chimodzi chokha, ndipo ndinakutumizirani zifukwa. Ndinkayesa kuti ndikuthamangira kwa Abambo, osadziwa kuti ndikuwathawa. Mpeni unafika m'manja mwanga, ndinauyang'ana masabata onse aja kuposa mmene munthu aliyense anauyang'anirapo, koma chimene unkanena sindinachione. Achemwali ali ndi chifukwa chokwiyira.

Masiku awa Jelle akudikira katundu, ndayesa kujambula nkhope yawo kuchokera m'mutu. Ndayesa kangapo. Nthawi iliyonse pakutuluka munthu wachilendo, wooneka bwino, amene sindikumudziwa. Wina anafanana ndi abusa. Ndafufuta onse, chifukwa sindingakupatseni mlendo kuti muzimutchula dzina la Abambo.

Chimene ndili nacho ndi thabwa lija basi. Mwalamulo ndi la a Rochus, chifukwa chilichonse chimene wophunzira wajambula ndi cha mphunzitsi, ndipo panali kale munthu wolifuna. Koma atamva za malirowa analikulunga okha m'nsalu n'kundiuza kuti ndichoke nalo asanasinthe maganizo. Ndalipereka kwa Jelle pamodzi ndi mpeni. Si chimene munapempha. Ndi tchizi, buledi, tambula ndi mpeni, patebulo. Mukafuna mulipachike, mukafuna mutsekere bowo la kukhola.

Ine ndibwera ndi ngalawa yotsatira, ndikangotsiriza zimene a Rochus andipatsa. Kunena zoona, ndikuopa kulowa m'nyumbamo, n'chifukwa chake ndatsogoza thabwali. Ndidzatenga utoto, ndipo ngati pali cholakwika pachithunzipo mudzandiuze, ndidzakonza.

Ndine mwana wanu,
Wopke

Gaast, 28 Malichi 1644

Mwana wanga Wopke,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, Hiske sakudziwa, ndiye upirire ndi malemba angawa. Moni. Ng'ombe yakuda yabereka.

Katundu wako anafika. Nditamasula nsalu ndinakwiya, sindikubisira. Ndinapempha mwamuna wanga, ndalandira tchizi. Tchizi ndili nacho chodzaza shelefu, ndimapanga ndekha. Ndinamuuza Hiske kuti achichotse pamaso panga, koma mlongo wako samva, anachikhomera pakhoma pambali pa tebulo, pamene bambo ako ankatsamira.

Anthu abwera kudzaona. Abusa anaima nthawi yaitali, nati chithunzichi chikuphunzitsa kuti moyo ndi waufupi, poti buledi wanyemedwa ndipo tambula yatsala theka. Jelle akuti ayi, chikuphunzitsa kuti iye sananame. Mayi wa ku Workum uja anafunsa kuti nanga munthu ali pati. Masiku angapo ndinkadutsa osachiyang'ana.

Lachiwiri m'mawa ndinachokera kukhola ndi ndowa ya mkaka, maganizo ali kwina. Polowa m'nyumba diso langa linaona mpeni uli m'mphepete mwa tebulo, chigwiriro chili m'malere, mphaka ali pansi pake. Ndinatula ndowa n'kunena mokweza kuti, "Douwe, kodi ndikuuzeni kangati?" Ndinatambasula dzanja kuti ndiukankhire mkati, ndipo zala zanga zinagunda thabwa.

Ndinakhala pampando wawo, mkaka n'kuzizira. Ndipamene ndinayang'ana bwino. Tchizi chija chadulidwa mowononga, pakati pokumbidwa, timasitepe tawo tonse tilipo, ngakhale pamene dzanja linanjenjemera tsiku lija. Buledi wanyemedwa ndi manja pamene mpeni uli pomwepo, monga ankachitira. Pachigwiriro pali malo a chala chawo. Zili ngati angotuluka kukaona mphepo ndipo abweranso kudzatsiriza. Ndinalira, mwana wanga, kulira kumene sindinalire pamanda.

Sindikumvetsabe ntchito yakoyi. Sindikumvetsa chifukwa chake munthu aphunzire mtsuko kuti adziwe mutu, kapena chifukwa chake chakudya chikhale ntchito. Makutu a bambo ako sindikuwakumbukira, ndipo ndasiya kudzizunza nawo. Koma m'mawa uliwonse ndikalowa ndi mkaka ndimawakalipira, ndipo tsiku limayamba bwino.

Bwera, usaope nyumba yakwanu. Udzadye tchizi chenicheni, ndipo ndidzaima pomwepo mpaka ndione kuti wameza. Hiske adzakulalatira tsiku limodzi kapena awiri, umulole.

Wati ndikuuze cholakwika kuti udzakonze. Cholakwika chilipo chimodzi, ndi mpeniwo, wakhala poipa ndipo tsiku lina udzavulaza munthu. Usadzaukhudze.

Ndine mayi ako,
Aukje